Zaka za ufumu wa Ashoka anazipeza bwanji, poti iye sanalembe chaka pamiyala yake?

NaChisale:

Akuluakulu odziwa mbiri yakale, ndithandizeniko. Mabuku ambiri amati Ashoka, mfumu yachitatu ya banja la Maurya ku India, analamulira kuyambira cha m'ma 268 mpaka 232 BC. Chikundizunguza mutu n'chakuti anthu a nthawi imeneyo sankawerenga zaka monga timawerengera ife, ndipo pamiyala imene iye anazokotetsapo mawu ake palibe chaka chimene munthu angachitenge n'kuchiika pa kalendala yathu. Nanga 268 ameneyu anachokera kuti? Ndi nambala yolimba kapena yongoganizira?

Funso lachiwiri ndi la nkhani ziwiri zotchuka: yoti anapha abale ake 99 kuti alowe ufumu, ndi yoti analowa Chibuda tsiku lomwelo limene anaona mitembo pa nkhondo yake ya ku Kalinga, dera la kum'mawa kwa India. Zimenezi zinalembedwa pati, ndipo analemba ndani? Ndikufuna njira yake yeniyeni, yoti munthu athe kufotokozera ophunzira m'malo mongowauza kuti mabuku atero.

aMbewe:

Mayi NaChisale, mwaona bwino. Ashoka ankawerenga zaka kuchokera pa tsiku limene analongedwa ufumu: "patatha zaka 8 ndilongedwe", "patatha zaka 12", "patatha zaka 26". Zaka zotere zili ngati chingwe chokhala ndi mfundo koma chosamangirira pamtengo uliwonse. Ntchito ya akatswiri inali kupeza chikhomo chomangapo chingwecho, ndipo anapeza ziwiri. Zonse ziwiri n'zochokera kwa Agiriki, poti zaka za mafumu awo zimadziwika bwino.

Chikhomo choyamba chili pa agogo ake a Ashoka. Olemba Achigiriki amatchula mfumu ya ku India dzina lake Sandrokottos, yokhala mumzinda wa Palibothra. Mu 1793 William Jones anaonetsa kuti ameneyu ndi Chandragupta Maurya wa ku Pataliputra, kumene lero ndi Patna. Alexander, mfumu ya ku Macedonia yotsogolera Agiriki, analowa m'dera la Punjab mu 326 BC, natuluka m'India mu 325, ndipo pa nthawiyo ku Magadha, ufumu umene likulu lake linali Pataliputra, kunali kukulamulirabe banja la Nanda. Pofika cha m'ma 305 mpaka 303 BC, Chandragupta anali atakula mphamvu moti Seleucus, mmodzi mwa olowa m'malo a Alexander, anagwirizana naye zamtendere, namusiyira madera a kumadzulo kwa mtsinje wa Indus, Seleucus n'kulandira njovu 500, zimene zinamuthandiza pa nkhondo ya Ipsus mu 301. Choncho Chandragupta anatenga ufumu pakati pa zaka zimenezi, ndipo ambiri amaika chiyambi chake pakati pa 324 ndi 321.

Tsopano tengani pensulo. Mabuku achihindu otchedwa Purana amapatsa Chandragupta zaka 24 ndi mwana wake Bindusara zaka 25. Mbiri ya ku Sri Lanka yotchedwa Mahavamsa imagwirizana nawo pa 24, koma Bindusara imamupatsa 28, n'kuwonjezera kuti panapita zaka 4 kuchokera pamene Ashoka anagwira ufumu kufika pamene analongedwa. Yambani pa 321, chotsani 24, mupeza 297. Chotsani 25, mupeza 272. Chotsani 4, mwafika pa 268. Mukayambira pa 324 n'kugwiritsa 28 wa Mahavamsa, mufikanso pa 268. Koma mukasakaniza 321 ndi 28 mufika pa 265. Apa mwaona kale kukula kwa mpata wake.

Chikhomo chachiwiri ndiye cholimba kwambiri, chifukwa chili m'mawu a Ashoka mwini. M'chilengezo cha 13 mwa zilengezo 14 zikuluzikulu zimene anazokotetsa pamatanthwe amatchula mafumu asanu a kumadzulo kumene uthenga wake unafika. Mayina ake analembedwa monga ankamvekera m'khutu la Mmwenye: Antiyoka, Turamaya, Antekina, Maka ndi Alikasudara. Amenewa ndi Antiochus II wa ku Syria, amene analamulira 261 mpaka 246. Ptolemy II wa ku Egypt, amene anamwalira mu 246. Antigonus Gonatas wa ku Macedonia, amene anamwalira mu 239. Magas wa ku Cyrene, amene anamwalira cha m'ma 250. Ndi Alexander wina, mwina wa ku Epirus kapena wa ku Corinth. Funso n'lakuti, ndi zaka ziti zimene asanuwa anali pampando onse pamodzi? Sizingakhale 261 isanafike, poti Antiochus II anali asanalowe. Sizingapitirire kwambiri 250, poti Magas anali atapita. Zilengezo za m'gulu limeneli zimadzitchula zokha kuti zinaperekedwa patatha zaka 12 ndi 13 chilongedwere mfumu. Bwererani m'mbuyo zaka 13 kuchokera pa mpata wa 261 mpaka 250, mupeza kuti analongedwa pakati pa 274 ndi 263. Nambala ya pensulo ija, 268, yagwera pakatikati.

Ndiye yankho ndi ili: 268 si yongopeka, koma ikhoza kusuntha ndi zaka zitatu kapena zinayi uku kapena uko. Pophunzitsa nenani "cha m'ma 268". Zinthu ziwiri zimasokoneza kawirikawiri. China n'chakuti zaka za BC zimatsika, ndiye ophunzira amaphatikiza pamene ayenera kuchotsa: nkhondo ya Kalinga, patatha zaka 8, ndi cha m'ma 260, osati 276. Chinanso n'chakuti uthenga wa maliro a mfumu ya ku Cyrene ukanatha chaka kapena ziwiri usanafike ku Pataliputra, choncho malire a 250 aja musawagwire ngati khoma.

Mphunzitsi Kalulu:

A Mbewe afotokoza bwino za zaka. Ine ndionjezere chinthu chimene ambiri amachilumpha: pafupifupi m'zilengezo zonse mfumuyi sidzitchula kuti Ashoka. Imati Devanampiya Piyadasi, kutanthauza wokondedwa ndi milungu, wa nkhope yokoma. Amenewa ndi mayina aulemu, monga mmene Kalonga kapena Undi lilili dzina la mpando osati la munthu mmodzi. Ndiye panali ntchito ziwiri: kuwerenga zilembozo, kenako kudziwa mwini wake.

Zilembo za Brahmi, zimene analembera zilengezo zambiri, zinali zitaiwalika kwa zaka mazana ambiri. Pamene Firuz Shah Tughlaq anasamutsira chipilala cha ku Topra ku Delhi m'zaka za m'ma 1350, anaitana anthu ophunzira kuti amuwerengere, koma palibe anatha. Mu 1836 Christian Lassen anazindikira zilembo zingapo poyerekeza ndalama zachitsulo za mfumu Agathocles, zimene zinali ndi Chigiriki mbali ina, Brahmi mbali inayo. Chaka chotsatira James Prinsep, amene ankagwira ntchito yoyesa siliva ndi golide ku nyumba yosulira ndalama ku Calcutta, anayang'ana timawu tatifupitifupi tojambulidwa kuchokera pa mipanda ya miyala ya ku Sanchi. Anaona kuti pafupifupi tonse tikuthera ndi zilembo ziwiri zofanana. Anaganiza kuti pamalo opembedzera otere anthu amalemba zimene apereka, ndiye mawuwo ayenera kukhala danam, mphatso, ndipo mawu otsogola ndi dzina la wopereka. Atapeza d ndi n, zinazo zinayamba kumasuka. Koma pa mwini wake anaphonya: anayesa kuti Piyadasi ndi mfumu Devanampiya Tissa ya ku Sri Lanka. Anamukonza ndi George Turnour, amene anapeza m'mbiri ya ku Sri Lanka yotchedwa Dipavamsa kuti Piyadasi ndi mdzukulu wa Chandragupta. Umboni wapamwala unadzabwera mu 1915, pamene katswiri wofufuza golide, C. Beadon, anapeza thanthwe ku Maski, m'dera la Karnataka, lolembedwa Devanampiya Asoka, mayina awiriwo ali pamodzi.

Kuti mumvetse chifukwa chake akatswiri amatsutsanabe pa mawu ena, muyenera kudziwa mmene amakopera zolemba zapamwala. Amayamba atsuka thanthwe ndi madzi ndi burashi kuchotsa ndere ndi dothi. Amanyowetsa pepala lolimba lomwa madzi n'kuliyala pamwalapo, kenako amalimenya ndi burashi yaubweya waufupi mpaka litalowa m'mizere yonse yozokotedwa. Pamene labooka amaikapo chigamba cha pepala lina n'kumenyanso. Likayamba kuuma koma lisanaumitsitse, amadinda pamwamba pake inki ya mwaye pogwiritsa ntchito kampukutu kofewa. Pamwamba pamada, zilembo zimatsala zoyera chifukwa zalowa m'kati. Pepala likakhala lonyowa kwambiri inki imayenderera m'mizere n'kufufuta zilembo. Likaumitsa limatukuka, makamaka kukakhala mphepo, ndipo inki imagwera posafunika. Vuto lalikulu ndi mwala weniweniwo. Mu Brahmi chilembo china cha tha ndi bwalo lopanda kanthu, china ndi bwalo lokhala ndi kadontho pakati, ndipo ndi malembo awiri osiyana. Ka ndi mtanda. Kamzere kakang'ono pamutu pake kamasintha liwu. Kadzenje kobwera ndi mvula ya zaka 2,000 kangaoneke ngati kadontho, mng'alu ungaoneke ngati kamzere. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayang'ananso kumsana kwa pepala, kumene mizere imatumphuka, kuti aone ngati kuya kwake kukufanana ndi kwa tchizulo.

Chimene chimapulumutsa n'chakuti zilengezo 14 zija zinazokotedwa m'malo angapo: Girnar ku Gujarat, Kalsi kumpoto, Erragudi kumwera, Shahbazgarhi ndi Mansehra m'dziko la Pakistan lero, kumene anagwiritsa zilembo za Kharosthi zowerengedwa kuchokera kumanja. Pamene pagumuka apa, pamaoneka apo. Chinenero chake ndi Prakrit, ndipo chimasintha ndi dera: kum'mawa mfumu ndi laja, ku Girnar ndi raja. Ku Kandahar mu 1958 kunapezeka chilengezo cha m'Chigiriki ndi Chiaramu, ndipo liwu lake lalikulu, dhamma, analimasulira kuti eusebeia, kuopa milungu ndi kulemekeza oyenera ulemu. Zimenezi zimatiuza mmene anthu a mfumu eni ake ankamvera liwulo.

Tibwere ku nkhani zanu ziwiri. Ya abale 99 ili m'mabuku a amonke a ku Sri Lanka, Mahavamsa ndi Dipavamsa (imene imati 100), olembedwa zaka zoposa 500 Ashoka atamwalira. Buku la kumpoto, Ashokavadana, nalonso limamujambula ngati munthu wankhanza yoopsa asanatembenuke, mpaka kumanga ndende yozunziramo anthu. Olembawa anali ndi cholinga: mdima ukakula, kuwala kwa kutembenuka kumaonekanso kwambiri. Koma chilengezo cha 5, cha chaka cha 13, chimatchula makomo a abale ake ndi alongo ake ku Pataliputra ndi m'mizinda ina. Kulimbirana ufumu kuyenera kuti kunalipo, ndipo zaka 4 zosalongedwa zija zikuloza komweko. Nambala ya 99 ndiyo ya nthano.

Ya Kalinga ndi yosiyana. Nkhondoyo ili pamwala: anthu 150,000 anatengedwa ukapolo, 100,000 anaphedwa, ndipo ochuluka kuposa apo anafa pambuyo pake. Chisoni cha mfumu chilinso pamwala. Chimene palibe ndi kutembenuka kwa tsiku limodzi. M'chilengezo chaching'ono choyamba iye akuti anakhala wotsatira Buddha kwa zaka ziwiri ndi theka n'kupitirira koma wopanda changu, ndipo changu chinadza patapita nthawi atayandikira gulu la amonke. Ashokavadana, buku lofotokoza kutembenuka kwake, silitchula n'komwe nkhondo ya Kalinga. Nkhani imene timaimva lero ndi yosoka: chigamba china chapamwala, china cha m'mabuku.

NaChisale:

Zikomo kwambiri a Mbewe ndi aphunzitsi. Pali china chandisokonezanso. Ndaona dzina la Chandragupta likutchulidwa pa chipilala chachitsulo cha ku Delhi, koma zaka zake ndi za AD. Kodi ndi yemweyo? Ndipo mafumu a pambuyo pake, amene ankalemba nambala ya chaka, zaka zawo timazisintha bwanji kuti zikhale zathu?

Che Mdala Wazakale:

Ayi mayi, si mmodzi, ndipo pamenepa ndi pogwera ambiri. A Chandragupta otchuka alipo atatu. Wa Maurya ndi wa cha m'ma 321 BC. Chandragupta I wa banja la Gupta ndi wa cha m'ma 320 AD, kusiyana zaka zoposa 600. Mdzukulu wake, Chandragupta II, wotchedwanso Vikramaditya, analamulira mpaka cha m'ma 415 AD. Chipilala chachitsulo chija, cha ku Mehrauli ku Delhi, chotalika mamita 7 ndi pang'ono, cholemera pafupifupi matani 6, chimangoti mfumu Chandra, ndipo ambiri amati ndi wachiwiriyu poona kalembedwe ka zilembo ndi kupembedza Vishnu, mulungu wachihindu. Mabanja awiriwa alibe ubale. "Gupta" wa m'dzina la mfumu ya Maurya ndi mbali chabe ya dzina lake.

Pa kusintha zaka, choyamba dziwani kawerengedwe kamene mlembi akugwiritsa, chifukwa nthawi zambiri amangoti "chaka cha 72" osanena cha yani. Atatu ofunika ndi awa. Ka Saka kamayambira 78 AD, ndiye mumaphatikiza 78. Ka Vikrama kamayambira 57 BC, ndiye mumachotsa 57, kapena 56 ngati mwezi wake ukugwera kumayambiriro kwa chaka chathu chotsatira. Ka Gupta kamayambira 319 kapena 320 AD. Al-Biruni, polemba cha m'ma 1030, ananena kuti kali pambuyo pa ka Saka ndi zaka 241, ndipo 78 kuphatikiza 241 ndi 319. Mukaphonya kawerengedwe mumaphonya ndi zaka mazana. Mukapeza koyenera mumatsalabe ndi chaka chimodzi chokayikitsa, chifukwa alembi ena ankawerenga zaka zatha, ena chaka chimene ali m'kati mwake, ndipo chaka chinkayamba mwezi wa Chaitra kwina, wa Karttika kwina.

Malo abwino ophunzitsira zonsezi ndi thanthwe limodzi la ku Girnar, pafupi ndi Junagadh, pamene mafumu atatu analemba pamwala womwewo. Pali zilengezo za Ashoka. Pali zolemba za Rudradaman, m'Chisanskrit, za chaka cha 72: phatikizani 78, mupeza 150 AD. Iye akusimba za damu la Sudarshana, kuti analimanga ndi Pushyagupta, bwanamkubwa wa Chandragupta Maurya, ndipo ngalande zothirira anaziwonjezera ndi Tushaspha m'nthawi ya Ashoka. Chimvula champhepo chinasefukitsa mitsinje yochokera m'phiri, khoma linang'ambika mikono 420 m'litali, 420 m'lifupi ndi 75 kuya, madzi onse n'kutha. Rudradaman akuti analimanganso lolimba katatu ndi chuma chake, osakhometsa anthu msonkho wapadera kapena thangata, ngakhale nduna zake zinkakana poona kukula kwa chigumulacho. Kenako pali zolemba za Skandagupta, za zaka 136 mpaka 138 za Gupta, kapena kuti cha m'ma 455 mpaka 458 AD: damu lomwelo linaphulikanso nyengo ya mvula, ndipo analikonza ndi Chakrapalita, mwana wa bwanamkubwa Parnadatta. Damu limodzi, zaka zoposa 700, ndipo mlembi wa mu 150 AD ankadziwabe mayina a Chandragupta ndi Ashoka ndi amene anawagwirira ntchito. Umenewu ndi umboni wosadalira amonke kapena Agiriki.

Pamene chikhomo chasowa, mkangano umatha zaka zambiri. Mfumu Kanishka ya banja la Kushan inali ndi kawerengedwe kakekake, ndipo kwa nthawi yaitali ambiri ankati kanayamba 78 AD. Mwala wa ku Rabatak ku Afghanistan, wopezeka mu 1993, unapereka mndandanda wa makolo ake: Kujula Kadphises, Vima Takto, Vima Kadphises, kenako iye. Mu 2001 Harry Falk anaonetsa kuchokera m'buku lakale la zanyenyezi kuti chiyambi chake ndi 127 AD, ndipo akatswiri ambiri tsopano amatsatira chimenechi. Buku lakale likakupatsani 78 pa Kanishka, dziwani kuti gwero lake ndi ganizo lakale lija.

aMbewe:

Ndibwerereko pa mawu a aphunzitsi, kuopa kuti wina angachoke pano akuganiza kuti mwala sunama, mabuku okha ndiwo anama. Mwala umatiuza mosakayikitsa zimene mfumu inafuna kuti anthu amve, pa nthawi yake ndi pamalo pake. Apo n'pamene pali mphamvu yake. Koma wolankhula ndi mfumu.

Taonani izi. Chilengezo cha 13, cha chisoni cha Kalinga, chili ku Girnar, ku Kalsi, ku Shahbazgarhi, kutali ndi kumene kunafera anthu. Ku Kalinga kwenikweniko, pa matanthwe a Dhauli ndi Jaugada m'dera la Odisha, anachichotsa pamodzi ndi cha 11 ndi cha 12, n'kuikapo zilengezo ziwiri zapadera zolangiza akuluakulu a boma, chimodzi choti asamange kapena kuzunza anthu popanda chifukwa, zonse zili ndi mawu akuti anthu onse ndi ana anga. Kalinga sanamubweze kwa eni ake, ndipo palibe pamene akunena kuti anthu 150,000 aja anabwerera kwawo. M'chilengezo chomwecho cha chisoni akuchenjeza anthu a m'nkhalango kuti ngakhale akumva chisoni, mphamvu akadali nazo, asinthe kuti asaphedwe. Pa chipilala, m'chilengezo cha 4 cha chaka cha 26, oweruzidwa kuti aphedwe akupatsidwa masiku atatu kuti abale awo adandaule kapena iwo akonzekere imfa. Chilango cha imfa sanachithetse. Nambala za 100,000 ndi 150,000 nazonso ndi zozungulira, zochokera pakamwa pa wopambana.

Sindikunena izi pofuna kumuchepetsa. Ine ndimaona kuti munthu wa pamwalayu ndi wochititsa chidwi kuposa wa m'nthano, chifukwa amalankhula zinthu zazing'ono zoti ukhoza kuzigwira. M'chilengezo choyamba akuvomera kuti kukhitchini kwake kukuphedwabe nyama zitatu patsiku, mbalame za pikoko ziwiri ndi mbawala imodzi, mbawalayo osati masiku onse. Ku Lumbini, patatha zaka 20, cha m'ma 248 BC, anafika yekha pamalo obadwira Buddha, naimika chipilala, nachotsera mudziwo msonkho wina, n'kutsitsa gawo la zokolola kufika pa limodzi mwa magawo 8. Mapanga a Barabar, osemedwa m'thanthwe n'kusalazidwa mpaka kunyezimira, sanawapereke kwa Abuda koma kwa a Ajivika, gulu lopikisana nawo.

Kwa ophunzira anu, mayi, yesani kuwapatsa chilengezo cha 13 chomasuliridwa, mapu osonyeza pamene chili ndi pamene palibe, ndi zaka za mafumu asanu aja papepala lina. Auzeni apeze okha mpata wa zaka, kenako afotokoze chifukwa chake ku Dhauli kulibe.